Madzi Anjala mu Mgodi wa Mchere

Botolo lachitatu ndi limene linandiumitsa pakamwa. Awiri oyambawo anali monga mwa masiku onse, moti manambala ake ndinalemba uku ndikumwa khofi. Koma nditatsanulira madzi a m'botolo lachitatu m'chubu choyezera n'kuikamo kandodo kagalasi, kandodoko kanamira, kanadzuka pang'ono, kanamiranso, kenako kanaima pa 1140.

Linali Lachiwiri, mu Epulo, chipale chofewa chikusungunuka m'mapiri. Kamtsinje kodutsa kuseri kwa maofesi kanali katadzaza, ndipo mkokomo wake unkamveka mawindo ali otseka. Pa nthawiyo n'kuti ine, Rodica, nditagwira ntchito mu labotale ya mgodi wathu wa mchere kuno ku Transylvania zaka makumi awiri ndi ziwiri. Madzi a padziwe la pansi pamgodi, pa gawo lachinayi kutsika, ndinkawayeza m'mawa uliwonse, ndipo nambala yake inali imodzi yomweyo: 1200.

Pansi pamgodi chilichonse ndi mchere: makoma, denga, zipilala, ngakhale msewu umene magalimoto amatsikira. Ndiye chimene timaopa ndi madzi, koma osati madzi onse. Lita imodzi ya madzi akumwa imasungunula mchere pafupifupi magalamu 360, ikafika pamenepo imakhuta, siilandiranso ngakhale kachibenthu. Madzi okhuta otere amatha kugona pakhoma la mchere zaka zana osalikanda. Amakhalanso olemera, n'chifukwa chake kandodo kamayandama pamwamba n'kuima pa 1200. M'madzi apampopi kamamira mpaka pa 1000. Amene ali pakati pa manambala awiriwa ife timati ndi madzi anjala.

Poyamba ndinakayikira kandodoko. Ndinakatsuka, ndinakapukuta, n'kukaika m'madzi anga a m'botolo lalikulu lapashelefu, amene pansi pake pamakhala mchere wosasungunuka chaka chonse. Kanaima pa 1200. Ndinatenga kena katsopano m'bokosi, ndinayezanso botolo lachitatu lija: 1140. Ndiye ndinadula kabuloko ka mchere kofanana ndi chala chachikulu, ndinakamanga ndi ulusi, n'kukalendewetsa m'madzimo, tochi ndili nayo kumanja. M'madzi okhuta kabuloko kotere kamangokhala phee. Apa pansi pake panayamba kutsika timizere towala, tokhotakhota ngati utsi wa ndudu wopita pansi.

Ndinaimbira a Zoltan, amene ankayang'anira mapampu a gawo lachinayi. Ndi iwo ankanditumizira mabotolo m'mawa uliwonse.

"A Zoltan, botolo la padziwe lija munalitsuka ndi madzi apampopi?"

"Tadzuka bwino kuno, mayi, zikomo pofunsa. Kaya inu?"

"A Zoltan, chonde."

"Botololo munaliumitsa nokha, munalitseka nokha. Ine changa n'kuthiramo madzi basi. Kapena mukufuna ndizilitsuka ndi misozi yanga?"

"Mwatunga pakampopi ka papaipi paja ngati masiku onse?"

"Ayi, kauma ndi mchere, kakana kutseguka. Ndauza anthu a mapaipi, akuti abwera Lachinayi. Lachinayi la chaka chiti sanandiuze. Ndangotunga ndi ndowa."

"Pamwamba pa dziwe?"

"Nanga ndimire? Si dziwe lomwelo?"

Ndinaika foni pansi. Paipi ya mapampu imakoka madzi pansi penipeni pa dziwe. Zaka zonsezi ndinkayeza madzi apansi. Apamwamba sindinawayezepo, ndipo palibe anaganizapo zowayeza.

Ndinanyamula botolo lija, botolo lina la madzi anga okhuta ndi tambula yagalasi, n'kuthamangira ku ofesi ya a Neagu, injiniya wamkulu. Ndinawapeza atakhala pakompyuta, tiyi akutuluka nthunzi pambali. Anandimvetsera mpaka kumapeto osandidula, kenako anatembenuzira kompyuta kwa ine.

"Onani, Mayi Rodica. Kachipangizo ka m'dziwemo kakuti 1200. Dzulo 1200. Mwezi wonse 1200. Madzi sanakwere ngakhale sentimita imodzi."

"Kachipangizoko kali kuti, bwana?"

"M'dziwe."

"Pati m'dziwemo?"

A Neagu anavula magalasi n'kutikita m'maso.

"Pansipo pali anthu 31," anatero. "Ndikawatulutsa, masana ano ndikhala ndikuyankha mafunso a kulikulu. Ndipo mukudziwa dzina limene atchule poyamba."

Ndinkalidziwa. Zaka zinayi m'mbuyomo ndinatulutsitsa shifiti yonse chifukwa cha botolo limene linatsukidwa osaumitsidwa. Kuyambira pamenepo amuna apansi ankanditchula Mayi Chigumula. Ngakhale mchimwene wanga Costel, wamng'ono kwa ine, yemwe anali kapitawo wa gawo lachisanu, ankanditchula choncho pa chakudya cha Lamulungu, ana ake akuseka.

"Tiyiyu mwathira shuga?" ndinafunsa.

"Adokotala anandiletsa. Bwanji?"

Ndinathira madzi anga okhuta m'tambula mpaka pakati. Ndinatenga supuni yawo, ndinaitembenuza, n'kuyamba kudonthezera tiyi pamsana pake pang'onopang'ono. Tiyi sanasakanikirane ndi madziwo. Anangokhala pamwamba, wofiirira, ndipo pansi pake madzi anali oyera mbee, malire ake owongoka ngati wawalemba ndi rula.

"Opepuka amakhala pamwamba," ndinatero. "Kachipangizo kanu kali pansi apa. Paipi ili pansi apa. Koma khoma la dziwelo limayambira pansi mpaka pamwamba."

A Neagu anayang'ana tambulayo kwa nthawi. Kenako anadzuka n'kutenga chipewa chawo cholimba pamsomali.

"Tengani zoyezera zanu. Tikaone tokha."

Tinatsikira mumgodi pa galimoto yawo yaing'ono. Msewu wapansi umazungulira ukutsika, wakuda bii ndi utsi wa zaka zambiri, ndipo kufika gawo lachinayi ndi mphindi khumi ndi zisanu. Ine ndinali nditakumbatira bokosi la kandodo pachifuwa kuti kasasweke. M'mutu mwanga munali chithunzi cha mapu apakhoma la labotale: dziwe lili m'chipinda chakale chimene anasiya kukumba ine ndisanabadwe, msewu umadutsa m'mbali mwake n'kutsikira ku gawo lachisanu, ndipo pakati pa madziwo ndi msewu pali khoma la mchere la mamita asanu. Njira ina yotulukira galimoto kuchokera ku gawo lachisanu kulibe.

A Zoltan tinawapeza atakhala pabenchi pafupi ndi mapampu, akudula anyezi ndi nyama yankhumba yowamba papepala. Ataona a Neagu anapinda mpeni.

"Eee, mpaka abwana. Ndalakwa chiyani ndi ndowa yanga?"

"Mapampu akugwira maola angati patsiku?" anafunsa a Neagu.

"Masiku ano? Khumi ndi awiri, khumi ndi anayi."

"Kale?"

"Asanu. Koma ndi Epulo uno, bwana. Chaka chilichonse amawonjezera. Ndinalemba m'buku."

"Amafika khumi ndi anayi chaka chilichonse?"

A Zoltan anayang'ana pansi. "Ayi."

Tinalowa m'chipinda cha dziwe. N'chachikulu ngati bwalo la mpira, ndipo nyali imodzi yokha ndi imene imayaka, pakamlatho kachitsulo pamene pali mapaipi. Madzi anali zii, akuda, osagwedezeka. Ndinagwada pakamlathopo n'kumanga botolo ku chingwe, chitsulo cholemetsa pansi pake, chitsekerero chili ndi ulusi wakewake. Ndinalitsitsa mpaka linagunda pansi, ndinakoka ulusi, thovu linatumphuka, n'kulikokera pamwamba.

"1200," ndinawerenga.

"Mwaona?" anatero a Zoltan.

Ndinatsitsanso, mamita awiri kuchokera pamwamba: 1195. Mita imodzi: 1160. Kenako ndinangomiza botolo ndi dzanja. Madziwo anandiluma zala ndi kuzizira. Madzi a m'dziwemo amakhala pa madigiri khumi ndi awiri chilimwe ndi chisanu chomwe, koma awa anali pa asanu ndi limodzi. Ndinawathira m'chubu, ndipo kandodo kanamira, kanamirabe, mpaka ndinaganiza kuti kagunda pansi n'kusweka.

"1085."

"M'mawa inali ingati?" anafunsa a Neagu.

"1140. Papita maola atatu."

A Neagu anatsika pamakwerero a m'mbali mwa khoma lakumsewu mpaka nsapato zawo zinakhudza madzi, n'kuunika ndi tochi. Ine ndinawerama kuti ndione. Pamalire a madzi ndi khoma panali mzere wakuda, woyenda kutalika konse kwa khomalo, wosalala ngati wina wauseta ndi lilime. Kuchokera pakamlatho ukanati ndi mthunzi. A Neagu anapinda mkono wa jekete n'kulowetsa dzanja. Linalowa mpaka phewa.

"Ndipatseni chitsulo chija, a Zoltan."

Chinali chitsulo chotokosera zinyalala pakamwa pa paipi, chotalika mamita anayi. A Neagu anachilowetsa mumng'aluwo, akukankha pang'onopang'ono. Chinalowa theka. Chinalowabe. Chitatsala chogwirira chokha m'dzanja mwawo, tinamva kuti gu, chagunda mchere.

A Neagu anasolola chitsulocho. Ndi pamene ndinamva phokoso lina kuseri kwa mapampu, kutali mumdima wa chipindacho: madzi akutsetsereka pakhoma, mwakachetechete, ngati mpopi woiwalika m'bafa.

"Mita imodzi," anatero a Zoltan ndi mawu amene sindinawamvepo. "Mayi Maria woyera. Yatsala mita imodzi. Ndizimitse mapampu?"

"Musazimitse. Madzi akakwera alemetsa khoma."

"Mukamapopa mukuchotsa okhuta," ndinatero ine. "Mukutsitsa anjalawo kuti adye pansi."

"Ndikudziwa, Mayi Rodica. Ndikungofuna ola limodzi."

Anakwera makwerero n'kusolola wailesi m'thumba. Poyamba anaitana Gelu, woyendetsa basi ya ogwira ntchito, kuti atsike nthawi yomweyo. Kenako anaitana gawo lachisanu.

"Costel, ndine Neagu. Imitsani makina onse. Anthu onse asonkhane pamsewu, basi ikubwera."

Wailesi inalira kwerrr, kenako mawu a mchimwene wanga anamveka, makina akubangula kumbuyo kwake.

"Bwana, tangoboola kumene, tatsala pang'ono kuthira zophulitsira. Chavuta n'chiyani? Musandiuze kuti achemwali anga alotanso chigumula."

Ndinamva amuna ena akuseka kumbuyo kwake. Ndinalanda wailesiyo m'manja mwa a Neagu, chinthu chimene sindinaganizepo kuti ndingachite.

"Iwe Costel, tamvera. Ndili padziwe. Khoma lakumsewu latsala mita imodzi. Chitsulo cha a Zoltan chalowa chonse, ndaona ndi maso anga. Usaphulitse chilichonse, wamva? Ngakhale kugwetsa nyundo usagwetse."

Kuseka kuja kunatha. Makina anazima limodzilimodzi.

"Ndamva, achemwali," anatero.

Tinatuluka m'chipinda cha dziwe n'kutsika wapansi ndi msewu mamita ngati makumi atatu, kufika pakona pamene msewu uli munsi mwa madzi a m'dziwe. A Neagu ankayendetsa tochi pakhoma. Khoma lakuda ndi utsi lija linali ndi chigamba choyera, chonyezimira, chachikulu ngati chitseko. Linali kutuluka thukuta. Pansi pake kamzere ka madzi kanali katayamba kale kudula msewu.

Anali ochepa kwambiri, osakwanira kudzaza chubu. Ndinanyowetsa chala n'kulawa. Madzi okhuta amawotcha lilime, munthu amalavula asanaganize. Awa anali ngati msuzi umene wophika wauwonjezera mchere pang'ono.

"Bwanji?" anafunsa a Neagu.

"Adutsa m'khoma lonseli koma sanakhute. Ndiye kuti sakuchedwa m'njira. Apeza kale podutsa."

Basi inafika patapita mphindi khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Ndikudziwa chifukwa ndinkayang'ana wotchi ngati yandilakwira. Gelu anatulutsa mutu pawindo, anayang'ana khoma, anayang'ana madzi amene tsopano ankayenda ngati a m'ngalande yapakhomo, n'kudzilemba mtanda.

"Ndidutse pamenepa, bwana?"

"Dutsa chakumanzere, usaime, usatembenuke mothamanga. Ukanyamule onse amene angakwane."

Basiyo ndi yaing'ono, ya mipando makumi awiri, chifukwa yaikulu siikhota m'makona apansi. Nyali zake zofiira zinalowa mumdima n'kuzimirira. Ife tinatsala atatu, ndi phokoso la madzi. Chigamba choyera chija chinali chitachita kabowo pakati, ndipo madzi ankatumphuka kukula ngati mkono wa mwana. Ndinadzaza chubu mosavuta tsopano. Kandodo kanaima pa 1070. Madzi amenewa akagwera pamsewu sankangoyenda, ankaukumba. M'mphindi khumi kamzere kaja kanasanduka ngalande yolowa phazi lonse, m'mbali mwake muli mano akuthwa.

A Zoltan anathamangira kumapampu n'kubwera ndi matabwa awiri ndi chitseko chachitsulo cha kabati, munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi akuwefuka ngati galu. Anaziyala pangalandepo.

"Zaka zonsezi ndikumwera khofi pambali pake," ankangobwereza. "Pambali pake penipeni."

Basi inabwerera itadzaza mpaka pakhomo, nkhope zitapanikizika m'magalasi. Gudumu lakutsogolo linakwera pachitseko chija, chitsekocho chinapindika, lakumbuyo linagwera m'ngalande n'kuzungulira pamalo amodzi, likumwaza madzi. Amuna asanu ndi mmodzi anadumpha osauzidwa n'kukankha. Basi inabuula, inatsetsereka chammbali kulowera kukhoma lonyowalo, ine n'kutseka maso. Nditatsegula inali itadutsa.

"Angati?" anakuwa a Neagu.

"26!" anayankha Gelu. "Anayi akubwera wapansi kumbuyoku!"

"26 ndi anayi ndi 30. Wa 31 ali kuti?"

"Costel wabwerera kukatenga Marinel! Ali kumapeto kwenikweni, ali ndi zotsekera m'makutu, wailesi sakuyankha!"

"Ndiye anayiwo ndi ndani?"

Anawerengana pomwepo, mokuwa, akutchulana maina. Zinapezeka kuti Gelu anadziwerengera yekha. M'basi munali 25, anayi anali m'njira, ndipo awiri, Costel ndi Marinel, anali kumapeto kwa gawo lachisanu, mtunda wopitirira kilomita.

"Pita," a Neagu anauza Gelu. "Usabwerenso, sudutsanso apa. Mayi Rodica, kwerani."

"Sindikwera."

"Si pempho limeneli."

"Mundichotse ntchito mawa, bwana. Lero sindikwera."

Sanalimbane nane, nthawi panalibe. Basi inapita. Anayi aja anatulukira patapita mphindi zochepa akuthamanga, anadumpha ngalande, ndipo a Neagu anawapatsa makiyi a galimoto yawo. Mmodzi anakana, Sandu, mnzake wa Costel wa kusukulu. Anatenga chingwe changa choyezera, anachiona kuti n'chochepa mphamvu, n'kuthamangira kumapampu kukatenga chachikulu.

Kabowo kaja tsopano kanali kakulu ngati ndowa. Phokoso linali loti tinkayankhulana pokuwa kukhutu. Madzi ankamenya khoma la tsidya lina n'kukhotera pansi, kutsata msewu, kulowera komwe kunali mchimwene wanga. Matabwa a a Zoltan anali atapita kale. Pamwamba pa bowolo panaoneka mng'alu wopyapyala wopita kudenga, ndipo tizibenthu ta mchere tinkathothoka n'kumatigwera pazipewa.

"Costel, uli pati?" a Neagu anakuwira mu wailesi.

Zii.

"Costel!"

"Ndam'peza chitsiruyu," mawu anatuluka modukaduka. "Amaimba nyimbo. Tili pa chigalimoto chonyamulira mchere, tikubwera. Madzi afika kale kuno, bwana, msewu ukuterera ngati sopo."

Sindikudziwa kuti tinadikira nthawi yaitali bwanji, wotchi ndinali nditasiya kuiyang'ana. Ndinkaganiza za amayi athu, amene amakhala ndi Costel, ndi mmene ndikanalowera pakhomo pawo. Ndinkaganizanso za zaka zonse zimene ndinalemba nambala imodzimodzi m'buku ndi cholembera changa chabwino, osafunsa kuti madziwo achokera pati m'dziwemo. Ndinakhala pansi pamsewu wonyowa. A Zoltan anandidzutsa pondigwira kolala.

"Imirirani, mayi. Tikafuna kuthawa sindikunyamulani, msana wanga ndi wa boma."

Kenako pansi pakona panawala. Chigalimoto chija chinatulukira chikukwera pang'onopang'ono, magudumu ake aatali kuposa munthu akuzungulira m'madzi, chikupita mita imodzi kutsogolo n'kubwerera theka. Chitatsala mamita khumi kuti chifike pa ife, gudumu lakumanja linatitimira mpaka pakati. Msewu unali utadyedwa pansi, pamwamba pangotsala chikhokho. Chigalimotocho chinapendekeka n'kuzima.

Anthu awiri anatsika, madzi akuwafika m'mawondo. Sandu anaponya chingwe, chinalephera kufika. Anaponyanso, Costel anachigwira n'kumanga Marinel m'chiuno. Ife anayi tinakoka. Marinel anagwa pangalande, anamira mpaka pachifuwa, tinamukoka ngati thumba la mbatata mpaka anafika pouma akutsokomola. Chingwe chinabwereranso. Costel sanadzimange, anangochikulunga padzanja. Anafika pangalande, anayang'ana mng'alu uja, anayang'ana ine, n'kudumpha. Phazi limodzi linaponda m'mphepete, m'mphepetemo munagumuka, ndipo mwendo unalowa m'mano aja mpaka m'ntchafu. Anakuwa. Sandu ndi a Neagu anamugwira m'khwapa n'kumuzula. Buluku linali litang'ambika kuyambira m'bondo mpaka m'kakolo, magazi akusakanikirana ndi madzi.

"Mchere, mayo, mchere!" ankalira. "Ukuwotcha!"

"Ukuwotcha pang'ono, ndi anjala amenewa," ndinamuuza, ndikulira ndi kuseka nthawi imodzi. "Tiye!"

Tinakwera wapansi, Costel ali pakati pa Sandu ndi Marinel. Tinadutsa mapampu akugwirabe ntchito okha, anyezi wa a Zoltan ali pabenchi. Titafika gawo lachitatu tinakumana ndi Gelu, yemwe sanamvere lamulo, atatsikanso ndi basi chobwerera m'mbuyo. Tinali tikukwera, khomo lisanatsekedwe, pamene khoma linagonja. Sitinalione. Tinangomva pansi pakunjenjemera m'mapazi, kenako mphepo yamphamvu inatuluka kumunsi, yonyowa, yozizira, n'kundivula chipewa. Nyali zonse zam'msewu zinazima. Gelu anayendetsa ndi nyali za basi mpaka tinaona kuwala kwa dzuwa pakhomo la mgodi. Inali isanakwane 1 koloko masana.

Panja panali patadzaza kale anthu, chifukwa m'tauni yathu nkhani siichedwa. Mlamu wanga Mioara, mkazi wa Costel, anadutsa pakati pa alonda, anafika pamene Costel anagonekedwa, anamumenya khofi paphewa, kenako n'kumugwera pachifuwa. A Neagu anaima pakhomo ndi ndandanda ya maina, akuitana mmodzimmodzi, ndipo atamaliza anayambiranso pachiyambi. Atatha kachiwiri anapita kuseri kwa nyumba ya alonda n'kusanza.

Gawo lachisanu linadzaza m'masiku awiri, lachinayi m'sabata imodzi. Akatswiri ochokera kulikulu anapeza kuti simenti ya pansi pa kamtsinje kaja inang'ambika nthawi yachisanu, ndipo madzi ankalowa m'ming'alu yakale kwa milungu yosachepera isanu ndi umodzi. Anatifunsa mafunso miyezi itatu, ine, a Neagu ndi a Zoltan, aliyense payekha. Palibe anaimbidwa mlandu, koma a Neagu anasamutsidwa, ndipo a Zoltan anapuma ntchito chaka chisanathe. Mgodi sunatsegulidwenso. Ena m'tauni ankandipatsa moni ndi manja awiri, ena ankawoloka msewu akandiona, ngati madziwo ndinawaitana ndine. Costel anasokedwa malo makumi atatu, ndipo mpaka lero amatsimphina kukazizira.

Mu Juni nthaka inayamba kutitimira pamwamba pa zipinda zakale, ndipo akhonsolo analamula mabanja khumi ndi awiri a mumsewu wathu kuti asamuke. Nyumba yanga inali yachinayi pamndandandawo, nyumba imene bambo athu anamanga ndi manja awo. Anatipatsa masiku atatu.

Loweruka m'mawa ndinamva lole ikuima pakhomo. Anali Costel ndi ndodo yake, Sandu, Marinel, Gelu ndi ena asanu a shifiti ija, amene sindinawaitane. Analowa ndi nsapato zawo zamatope n'kuyamba kunyamula chilichonse chimene aona, mipando, mbale, maluwa apawindo, akukangana ngati ali pansi. Kabati yaikulu ya zovala ya amayi inakana kutuluka pakhomo la chipinda.

"Inalowa bwanji?" anafunsa Gelu akukanda mutu.

"Bambo anaika kabati kaye, kenako n'kumanga khoma," anatero Costel, atakhala pabokosi mwendo atautambasula. "Marinel, katenge nyundo. Tigumule khomali, nyumbayi ikupita kale."

"Iwe Costel, ukagumula khoma la bambo ndikuthyola mwendo winawo."

"Ndiye tiisiye kabatiyo, achemwali?"

Ndinayang'ana kabati, ndinayang'ana khoma, amuna asanu ndi anayi akundidikira.

"Gumulani," ndinatero. "Koma yambani mwachotsa chithunzi cha ukwati wa bambo ndi amayi chili pakhomapo."